Mmisiri amene ankasayina ndi kankhanga

Akonzi,

Ndiloleni kuti kudzera m'nyuzipepala yanu ndinene mawu amene ndinalephera kunena mwezi wathawu pamene tinkaperekeza amalume anga, alongo awo a mayi anga, amene kwa zaka zoposa 40 ankalemba zikwangwani ndi kujambula zithunzi pa makoma a mzinda uno wa Blantyre. Oyankhula pa mwambowo anali ambiri. A mpingo ananena za kukhulupirika kwa malemu pa mapemphero a m'milaga, nduna ya amfumu inawerenga chipepeso, a kubanja anathokoza adzukulu ndi amayi amene anagona pa siwa, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula bulashi kapena penti, ngakhale kuti ambiri mwa anthu amene anakhala pa mabenchi tsiku limenelo anametetsapo, anagayitsapo kapena anamwapo tiyi pansi pa chithunzi chimene malemuwo anajambula. Ine ndinali nawo mawu, koma kumwamba kunali kutachita mdima wa mvula ndipo wotsogolera mwambo anati oyankhula akwana.

Dzina lawo sindilitchula m'kalata ino, chifukwa iwo eni sanalilembepo pa ntchito yawo iliyonse. M'malo mwa dzina, kumunsi kwa chithunzi cha kudzanja lamanja ankajambula kankhanga kakang'ono, kosaposa chala chachikulu, kamawangamawanga. Amene munakulira ku Ndirande, ku Mbayani, ku Chilomoni, ku Bangwe kapena ku Zingwangwa mwina munakaonapo osadziwa kuti ndi chizindikiro cha munthu.

Amalume anabadwira kwathu ku Chiradzulu, sukulu analekera Sitandade 5, ndipo monga anyamata ambiri a nthawi imeneyo, mtima wawo unali ku Joni. Anafika m'tauni muno mu 1974 kuti adzalembetse ku Wenela, ofesi yolemba anthu opita ku migodi ya ku Joni, m'dera lomwe lero timakwererako mabasi. Koma mu Epulo chaka chomwecho ndege imene inanyamula amuna ochokera ku migodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, Amalawi oposa 70 anafera pomwepo, ndipo Dr. Kamuzu Banda analetsa zolemba anthu opita ku migodiyo. Amalume anatsala ndi kasutikesi kawo m'manja, ndipo poti anali atatsazika kale mudzi wonse, manyazi anawaletsa kubwerera. Anayamba maganyu ku Limbe, ndipo ganyu imodzi inali yogwirira makwerero mkulu wina amene ankalemba mayina a masitolo a amwenye. Ankakonda kunena kuti anagwira makwererowo zaka ziwiri asanaloledwe kukhudza bulashi, ndipo bulashi yoyamba imene anapatsidwa inali yoti aitsuke.

Ine ndinabwera kudzakhala nawo ku Ndirande mu 1988 kuti ndizipita kusukulu ya m'tauni, ndipo pa tchuthi chilichonse ntchito yanga inali kunyamula zitini. Apa ndiloleni ndichedwepo, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti kulemba chikwangwani ndi kungoviika bulashi m'chitini ndi kuyamba kukwekwesa khoma.

Amalume ankafika pa khoma nthawi zina n'kukhala theka la ola osachita kanthu, atangopinda manja, mwini golosale akudandaula kuti nthawi ikutha. Ankagogoda pulasitala ndi chala kuti amve ngati wagwira, ndipo khoma likakhala la simenti yatsopano ankakana kulikhudza mpaka litauma bwino, ponena kuti simenti yaiwisi imadya penti. Kenaka ankatenga chingwe, n'kuchipaka choko kapena makala, ine n'kugwira nsonga imodzi iwo ina, n'kuchikoka ngati uta ndi kuchisiya kuti chimenye khoma ndi kusiya mzere woongoka. Akatero ankawerenga zilembo za mawu onse pamodzi ndi mipata yake, n'kupeza chilembo chapakati, ndipo ankayambira pamenepo kupita mbali zonse ziwiri. Ankandiphunzitsa kuti M amadya malo a zilembo ziwiri pamene I amakhuta ndi theka, ndipo kuti O ayenera kupitirirako mzere pang'ono, apo ayi amaoneka wamfupi pakati pa anzake. Palibe chimene ankanyansidwa nacho kuposa chikwangwani chimene chinayamba ndi zilembo zonenepa n'kumalizira ndi zilembo zopanikizana kumapeto chifukwa wolembayo sanayeze. Tikamayenda mumsewu n'kuona chotero, ankaima n'kupukusa mutu ngati aona mwana wosasamba.

Zitini zawo zinali zisanu zokha: yoyera, yakuda, yofiira, yachikasu ndi yabuluu. Mitundu ina yonse ankaipanga okha m'zitini zakale za mkaka, akutakasa ndi kamtengo. Khungu la munthu ankalisakaniza ndi yofiira, yachikasu ndi kadontho ka yabuluu, ndipo ankaseka anzawo amene ankangopaka nkhope ndi penti yakuda, ponena kuti sanaonepo munthu wa mtundu wa tayala. Mabulashi aang'ono olembera ankawasema okha ndi lezala, ena ankapanga ndi ubweya wa kumchira wa ng'ombe umene ankapempha kwa ophera nyama, n'kuumangirira ku kansungwi. Dzanja ankalitsamiritsa pa kandodo kokhala ndi mpira wa nsanza kunsonga kuti lisanjenjemere kapena kukhudza penti yaiwisi. Madzulo mabulashi onse ankatsukidwa ndi parafini, ndipo mpaka lero ndikamva fungo la parafini ndimakumbuka khonde la ku Ndirande. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, chiperoni chikagwa, ntchito inkaima chifukwa penti sinkauma, ndipo masiku amenewo kunyumba kunkadyedwa nsima ya masamba okhaokha. Mu Okutobala ankadzuka mbandakucha kuti amalize dzuwa lisanawotche khoma.

Zithunzi zawo zinali ndi ntchito. Anthu ambiri a zaka zimenezo, makamaka amayi ochokera kumudzi, sanapite kusukulu, pakuti pulayimale yaulere inadza mu 1994, choncho chithunzi ndicho chinkawauza kuti pano pali chiyani. Pa chigayo ankajambula mayi atasenza dengu la mphale, pa butchala mutu wa ng'ombe, pa telala makina osokera ndi lumo, pa malo omwera tiyi kapu yofuka nthunzi ndi mtanda wa buledi wonenepa kuposa umene unkagulitsidwa m'katimo. Pa malo ometera ankajambula mitu isanu kapena isanu ndi umodzi yoyang'ana chammbali, uliwonse ndi kametedwe kake, ndipo wodzametetsa ankangoloza. Achinyamata a lero mwina sadziwa kuti malamulo a mu 1973 ankaletsa amuna kusunga tsitsi lalitali ndi amayi kuvala mathalauzi kapena masiketi aafupi, choncho ngakhale anthu a pa khoma ankayenera kuvala molemekeza lamulo. Ndikukumbuka tsiku lina mwini bala wina atabwera m'mawa ali wefuwefu kudzawapempha kuti akatalikitse diresi ya mayi amene anamujambula pa khomo la balayo, chifukwa wina anali atamunong'oneza kuti mawondo akuoneka. Amalume anapita n'kukaonjezera nsalu ya penti mpaka m'miyendo, ndipo anamulipiritsa ngati telala.

Kankhanga kaja kanabadwa m'mantha a masiku omwewo. Ntchito yaikulu ya chaka inkabwera pokonzekera chikondwerero cha ufulu pa 6 Julaye, pamene pankafunika tambala wakuda, chizindikiro cha chipani cholamula, ndi mawu olemekeza mtsogoleri pa nsalu ndi pa mabolodi, ndipo aliyense ankadziwa kuti tambala akaoneka wodwala, kapena nkhope ya mtsogoleri ikapotoka pang'ono, pankafunsidwa kuti wajambula ndani. Amalume anaona kuti ndi bwino dzina lisamapezeke pa khoma. Komabe mtima wa mmisiri sulola kuti ntchito yake ikhale ya mwana wamasiye, ndiye anasankha mbalame imene palibe chipani chinkaifuna.

Chaka chimene sindidzachiiwala ndi 1993, pamene dziko linkakonzekera riferendamu ya pa 14 Juni, yosankha pakati pa tambala wakuda wa chipani chimodzi ndi nyali ya zipani zambiri. Mbali zonse ziwiri zinkafuna wojambula. Masana amalume ankajambula atambala pabwalo, aliyense akuona, ndipo usiku ankatseka chitseko, n'kutchinga zenera ndi bulangete, n'kumajambula nyali pa nsalu zimene anyamata ena ankabwera nazo atazikulunga m'thumba la ufa. Ine ndinkawagwirira koloboyi. Ndili mnyamata wa magazi otentha ndinawafunsa kuti, "Kodi amalume, inu muli mbali iti?" Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe, tayang'ana bwino ntchitoyo, udziwa wekha." Nditayang'ana ndinaona kuti atambala onse anali ofanana ngati odinda, ojambulidwa mwamsangamsanga, pamene nyali iliyonse inali ndi lawi lakelake, galasi lake likuwala ngati lapukutidwa kumene. Ena anganene kuti uku kunali kudya mbali ziwiri, ndipo ine sindiwatsutsa kwenikweni, koma munthu amene anali ndi ana asanu ndi mwana wa mlongo wake pakhomo sakanatha kubweza kasitomala, ndipo voti yawo anaiponya ndi bulashi tsiku lisanafike.

Sindikufuna kuwasandutsa mngelo, pakuti akuluakulu a ku Ndirande amene akuwerenga kalata ino angandiseke. Ankamwa, ndipo ndalama ya chikwangwani nthawi zina inkathera m'njira isanafike kwa azakhali. Chingerezi chawo chinali cha Sitandade 5, choncho pali masitolo amene anakhala zaka zambiri ndi mawu olembedwa mokongola koma mosalondola, ndipo wina akawadzudzula ankayankha kuti iwo analemba zimene mwini sitolo anawapatsa pa pepala. Nyumba yawo yomwe sinalawepo penti.

Koma panali ntchito ina imene anthu ochepa okha anaiona. Lamulungu masana, akaweruka kutchalitchi, ankakhala kuseli kwa nyumba ndi zidutswa za hadibolodi n'kumajambula zimene palibe anawatuma. Zina ankapatsa anyamata ogulitsa ziboliboli m'tauni kuti akagulitse kwa azungu odzaona dziko, ndipo amenewa ankangofuna zinthu ziwiri: mayi wosenza mtsuko ndi bwato pa nyanja dzuwa likulowa. Chodabwitsa n'chakuti amalume anajambula nyanja ya Malawi kambirimbiri asanaioneko, akungotengera pa kalendala, ndipo atapita koyamba ku Mangochi ndi ulendo wa mpingo anabwerako ali chete, n'kunena kuti zaka zonsezo ankanamiza anthu chifukwa madziwo sanali a buluu wa m'chitini. Kuyambira pamenepo sanajambulenso nyanja.

Chimene ankachidziwadi chinali phiri la Ndirande, limene ankaliona tsiku lililonse ali pakhonde. Analijambula m'mawa nkhungu itakuta pamwamba, analijambula m'dzinja lili lobiriwira, analijambula m'chilimwe moto wolusa utalidutsa. Anali ndi mabolodi oposa khumi a phiri lomwelo, ndipo mukawandandalika motsatana ndi zaka munkaona nkhalango ikuchepa pang'onopang'ono, kufikira zaka zotsatira 1994 pamene mitengo inatheratu, minda ndi nyumba n'kukwera mpaka m'chiuno mwa phiri. Iwo sanaganizepo kuti akulemba mbiri, ankangojambula chimene maso awo ankaona. Ana a sukulu amene ndimawaphunzitsa lero sakhulupirira ndikawauza kuti phiri lija linali ndi mitengo yoti munthu n'kusokeramo, ndipo umboni umene ndikanawaonetsa unali mabolodi amenewo. Panalinso chithunzi cha mayi anga ali mtsikana, atavala duku lofiira, chimene anajambula kuchokera m'mutu mayiwo atamwalira kale. Mayi sanajambulitsepo ndi kamera, ndipo nkhope yawo ndinkaidziwa bwino chifukwa cha bolodi limenelo.

Zonsezi zinkasungidwa kwa mwana wawo wamkazi ku Chilobwe, kumene nyumba inali ya malata abwino osadontha. Mu Malichi 2023, namondwe Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, banjalo linapulumuka ndi zovala za m'thupi zokha. Tikuthokoza Mulungu chifukwa oyandikana nawo ambiri anakwiririka, ndipo pa nthawi ngati imeneyo munthu sungalirire mabolodi. Koma ndinawauza ndine amalume, ndipo anangofunsa funso limodzi, ngati cha alongo awo chija chinapitanso.

Ntchito ya pa makoma inali itayamba kale kutha. Cha m'ma 2000 kunabwera makompyuta ndi makina osindikiza zikwangwani pa pulasitiki, zimene zimatuluka tsiku lomwelo zili ndi chithunzi chotengedwa pa intaneti. Kenaka makampani aakulu anayamba kupenta magolosale athunthu mwaulere ndi mitundu yawo, kotero kuti msewu wonse umasanduka wa mtundu umodzi, ndipo mayi wa dengu ndi ng'ombe ya pa butchala anakwiriridwa pansi pa pentiyo. Mwini golosale sindimuimba mlandu, chifukwa penti ndi yodula, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 inafika poti munthu wa okala sangaiganizire n'komwe. Wina akakupatsa khoma loyera kwaulere ungakane bwanji? Chimene chimandipweteka n'chakuti palibe amene anaima ndi kamera tsiku lofufutalo lisanafike, ndipo m'gulu la osaimawo ndilimo ine.

Zaka zawo zomaliza za ntchito ankalemba manambala pa maminibasi, mayina a masukulu a mkaka ndi mitanda ya kumanda. Mitandayo anailemba yambiri m'zaka za m'ma 1990, pamene matenda a Edzi ankatenga achinyamata sabata iliyonse, ndipo kawirikawiri sankalipiritsa. Ankati chaka chobadwa ndi chaka chomwalira zikayandikana kwambiri dzanja limalemera. Kenaka maso anachita ng'ala, manja anayamba kunjenjemera, ndipo zitini zisanu zija zinaumira pansi pa bedi.

Mtanda wawo ndinaulemba ndine usiku wa pa siwa, ndi penti yopempha. Ndinali ndi chisoni ndi tulo, sindinawerenge zilembo monga anandiphunzitsira, ndipo dzina lawo, limene linalembedwa poyera koyamba tsiku limenelo, linatha ndi zilembo ziwiri zopanikizana kumapeto. Ndikudziwa mmene akanapukusira mutu.

Akonzi, dziko lino limadziwa kulemekeza zojambula likafuna. Zithunzi za pa miyala ya ku Chongoni ku Dedza, zimene zili pa malo 127, zinalowa m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse wa UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, mu 2006, ndipo zina mwa izo anajambula ndi makolo athu Achewa ndi dothi loyera pa miyambo ya chinamwali ndi ya Nyau, anthu amene mayina awo sadzadziwikanso. Ku Mua, Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a KuNgoni mu 1976 ndipo osema ndi ojambula kumeneko anapeza powonetsera luso lawo. Malemu Kay Chiromo, amene ankaphunzitsa zojambula ku Chancellor College ku Zomba, ophunzira ake amamutchulabe. Koma muno mu Blantyre tili ndi chizolowezi chakale chosunga ntchito n'kutaya wantchito. Tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, aliyense amadziwa kuti anachilinganiza ndi m'busa David Clement Scott, koma ndi angati mwa ife amene tingatchule mmodzi mwa anthu akuno amene anaumba ndi kuyala njerwa zake zokongolazo? Amisiri a zikwangwani akulowera njira yomweyo, ndipo iwo zinthu zawavuta koposa chifukwa njerwa imakhala zaka zoposa 100 pamene penti ya pa golosale imafufutidwa tsiku limodzi.

Pempho langa si la chipilala kapena la ndalama zambiri. Ndikupempha a nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri, a Society of Malawi amene amasunga mabuku ndi zithunzi zakale ku Mandala House, ndi aphunzitsi a zaluso m'masukulu athu aukachenjede kuti atume ophunzira angapo ayende m'misika ya Ndirande, Limbe, Bangwe, Chirimba ndi Lunzu, ajambule ndi kamera chikwangwani chilichonse cholembedwa ndi dzanja chimene chatsala, ndipo afunse mwini malo kuti analemba ndani, liti, ndipo analipidwa zingati. Amisiri ena a msinkhu wa amalume akadali moyo, akhala pa makonde maso akuchita chidima, ndipo akafunsidwa anganene zambiri za momwe mzinda uno unkaonekera. Mabolodi a ometa amene atayidwa kuseli kwa mashedi angagulidwe ndi ndalama yochepa. Inunso a nyuzipepala muli ndi ojambula zithunzi amene amadutsa makoma amenewa tsiku lililonse popita kukajambula andale, ndipo tsamba limodzi pa mwezi silingakusaukitseni. Kwa aphunzitsi anzanga a pulayimale, amene timaphunzitsa phunziro la zaluso ndi choko chokha, ndinene kuti mmisiri wa m'dera lathu angabwere tsiku limodzi kudzaonetsa ana mmene amamenyera chingwe pa khoma ndi mmene mitundu itatu imaberekera mitundu ina yonse.

Ine ndayamba kale kufufuza. Masabata atatu apitawa ndayenda ndi foni yanga m'malo onse amene ndikukumbuka kuti ndinanyamulirako zitini, ndipo ndapeza ntchito yawo imodzi yokha. Ili pa khoma la chigayo china chakale cha kufupi ndi mtsinje wa Nasolo, mbali yoyang'ana kumpoto kumene mthunzi wa nyumba yoyandikana nayo unaiteteza ku dzuwa. Mayi wa dengu uja akadalipo, ngakhale kuti nkhope yafwifwa ndipo ufa wa zaka zambiri wamuyeretsa mapewa, ndipo kumunsi, pansi pa dothi limene ndinachita kupala ndi chikhadabo, kankhanga kalipo. Mwini chigayo, amene ndi mdzukulu wa amene anawalemba ntchito amalume, wandiuza kuti mvula ikatha akufuna kugwetsa khomalo kuti akulitse nyumba, koma walola kuti aliyense wofuna kudzajambula abwere. Ngati pali wowerenga amene ali ndi bolodi la phiri la Ndirande, la nyanja ya buluu wonama uja, kapena la mitu ya ometa, ndikumupempha kuti ayang'ane kumunsi cha kudzanja lamanja, ndipo akapeza kambalame ka mawanga adziwitse akonzi kuti andilumikize naye.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa pulayimale, mwana wa mlongo wawo wa malemu,
Ndirande, Blantyre